Timabatire pa Denga

Lolemba, 5 Okutobala 1998

Kalata yochokera kwa aphunzitsi a Edina. Mwana amene teremu yoyamba anali nambala 3, mayeso a pakati pa teremu ino nambala 41. Ndawerenga kawiri, mwina ndi maso angawa. Ayi ndithu, 41. Akuti m'kalasi amangosinza, homuweki salemba.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Kagemu kaja. Anandipatsa ndi mlendo wa m'chipinda nambala 6 ku loji kumene ndimagwira ntchito, pothokoza kuti ndinamusitira malaya bwino. Kotuwa, kokwana m'dzanja, kagalasi kake ngati bokosi la machesi. M'katimo mumagwa tinjerwa, iwe n'kumatiyala. Basi, palibenso china. Ndinabwera nako kunyumba phewa m'mwamba, ati ndamubweretsera mwana wanga zakunja.

Chiyambire tsiku limenelo ndi pii-pii m'mawa, pii-pii masana. Ukamutuma kumjigo, ndowa pamutu, maso m'dzanja. Mabatire sasowa, Eveles wosesa m'zipinda amamutolera amene alendo ataya a m'makamera awo. Ndapsa mtima, koma kwenikweni ndadzipsera ndekha.

Lachinayi, 8 Okutobala

Bambo a Edina abwera kuchokera kudoko ku Chipoka. Kalata aiwerenga ali chiimire, nsapato asanavule. Mawu awo: "Akalephera mayeso a kumapeto kwa chaka, akupita ku Chitala kwa mlongo wanga, akagwire khasu." Sanakweze mawu, ndiye ndachita mantha. Akalankhula chotsitsa choncho sabwerera.

Ku Chitala ndikukudziwa. Munda waukulu, ana asanu ofuna wowalera. Mtsikana akapita kumeneko, sukulu ndiye yatha. Ine ndinalekera Sitandade 6 mwanjira yomweyi, ankati ndi chaka chimodzi chokha. Lero sukulu ndi yaulere, ndiye wanga aisiye chifukwa cha tinjerwa?

Bambo ake amafuna kuswa kagemuko ndi mwala. Ndawapempha, ndakalanda ine. Edina akuti, "Koma masiku ano ndi a ufulu, amayi." Zaka khumi ndi zitatu, kundiphunzitsa demokalase m'nyumba mwanga! Dzanja linatsala pang'ono kunyamuka lokha.

Kali m'sutikesi, pansi pa yunifomu yanga ya chigwirizano.

Loweruka, 10 Okutobala

Bambo ake abwerera ku Chipoka. M'nyumba zii. Edina sakundilankhula. Buku ali nalo pamwendo, inde, koma tsamba ndi lomwe lija chiyambire dzulo. Zala zikungodina chikuto, ngati mabatani alipo.

Kagemu ndalanda, koma mwana sindinamupeze. Kwatsala masabata asanu.

Lamulungu, 11 Okutobala

Manyazi. Ndilembe ndithu, palibe awerenge.

Titaweruka kutchalitchi, Edina anatsalira kukwaya. Ine ndinaika makala m'simbi kuti ndimusitire yunifomu, imodzi yomweyo. Pobwezera zovala zanga m'sutikesi, kagemu ako. Ndinati ndingoona chimene chamuloza mwana wangayu, kamphindi chabe. Simbi ndinaikhazika pa diresi, ati ndingodina kamodzi.

Njerwa yoyamba inagwera pokhota. Yachiwiri ndinaikhoza. Mzere unadzaza, n'kuzimiririka, kagemu n'kuimba. Mtima wanga myaa! Ndinati wina umodzi. Kenako ndinkadikira yaitali ija, yoongoka, kuti ilowe m'mpata wa kumbali.

Chinandidzutsa ndi fungo.

Zaka khumi ndi chimodzi ndikusita ku loji, nsalu za anthu a mayiko onse, sindinawotchepo ngakhale kampango. Lero chithunzi cha simbi chathunthu, chakuda bii, pamsana pa yunifomu ya mwana wanga. Ndipo pakhomo mwiniwake ali chilili, buku la nyimbo m'manja. Bodza linali kale pamlomo, ndimati ndinamizire makala. Koma kagemu kanali kakulirabe m'dzanja mwanga.

Anayang'ana diresi, n'kuyang'ana ine. Akuti, "Mumadikira yaitali ija, eti?"

Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka yeniyeni. Ndamupepesa. Ine, kupepesa mwana amene ndinamubereka! Iye akuti, "Ukati uwu ndi womaliza, kamakuuza kuti yesanso." Ndamva. Masiku onsewa ndimamuyesa wamwano, pamene mnzangayu anagwidwa ndi chinthu chimene chandigwira ine ndemwe mphika wa tiyi usanawire.

Lolemba, 12 Okutobala

Chigamba ndasoka m'mamawa, buluu wake wosiyana pang'ono. Wapita nacho kusukulu osadandaula. Anzake amufunsa ngati mayi ake alidi wosita wa ku loji.

Masana takhala pakhonde, takambirana ngati akuluakulu. Ndamuuza za Chitala mosabisa, ndi za Sitandade 6 yanga, zimene anali asanamvepo. Ndamufunsa kuti titani, poti kubisa kwalephera ndipo wobisayo ndi wakuba yemwe.

Nzeru yabwera ndi iye. Mabatire a wailesi akafooka, bambo ake amawayanika pa malata kuti atenge mphamvu padzuwa. Timabatire tiwiri tili m'kagemumu tatopa kale. Tikatiyanika tsiku lonse, timagwira mwina theka la ola, kenako tinjerwa timazilala mpaka osaonekanso. Ndiye pangano ndi ili. Popita kusukulu, timabatire padenga. Titsika homuweki ikatha, ine nditaiona, mbale zitatsukidwa. Tinjerwa tikazilala, zatha, mpaka mawa. Atsopano ayi. Wophwanya pangano, masiku awiri osagwira.

Akuti, "Inunso, amayi?" Inenso. Ndipo simbi ikakhala ndi moto, sindikhudza.

Ndamuuza Eveles asiye kutola. Wandiseka tsiku lonse m'chipinda chochapira.

Lachitatu, 21 Okutobala

Zimayenda bwino mpaka lero. Potsitsa timabatire ndapeza mano. Tiwiri tonse tolumidwa m'mbali, tophwanyika pang'ono. Anyamata a kumsika amatero, ati batire ukaliluma limadzuka. Ndakalipa zedi, muli mankhwala oipa m'menemo, ukufuna kufera njerwa? Sanakane. Wawerenga yekha pa zala, Lachinayi ndi Lachisanu, wakabweza padenga.

Chimene sindinamuuze: dzulo lake ine ndinaima nthawi ndithu pa grosale, kuyang'ana mabatire atsopano m'galasi. Ndinagula sopo n'kuthawa.

Lachisanu, 30 Okutobala

Dzuwa la mwezi uno likutikomera, malata otentha moti timabatire timatsika tosagwirika. Mphindi zake amasewera, zanga ndimasewera, wina akuonerera paphewa ndi kulangiza mosapemphedwa. Amandiposa kutali. Koma masamu a lero ndamugwira polakwitsa, ine wa Sitandade 6! Wakonza akung'ung'udza.

Taseka kwambiri sabata ino kuposa chaka chonse. Dzulo wandifunsa kuti tinjerwati anatiika ndani m'kagemumo, ndipo timachokera kuti poti sitikutha. Sindikudziwa. Ndati akafunse a ku ofesi ya loji, ali ndi kompyuta. Akuti adzapita mayeso akatha.

Lolemba, 16 Novembala

Mayeso ayamba. M'mawa waponya timabatire padenga, akuti tikhale komweko mpaka amalize. Sindinamuuze ine. Ndinangoti chabwino, ndikuyang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Ndasita piloketsi imodzi kawiri.

Lachitatu, 25 Novembala

Lero ndi pamene ndakumbukira. Mvula yoyamba inagwa Lachinayi lapita, yamphamvu, tinathamangira zovala pachingwe ndi kutchera ndowa. Za padenga palibe anaganiza. Ndakwera pampando: timabatire tili mu mzere wa lata, dzimbiri lokhalokha, kamodzi katatupa. Masiku asanu ndi limodzi, ndipo mayeso anatha Lachisanu!

Ndamuonetsa. Akuti, "Aa, ndinaiwala." Basi, wapitiriza kusenda chinangwa. Mwana amene ankapita ndi kagemu kumjigo. Ndalowa m'nyumba, ndavina pang'ono ndekha.

Lachisanu, 27 Novembala

Nambala 5! Pa ana 96! Sitandade 8 chaka chamawa!

Wabwera chothamanga mpaka kumpanda wa loji, chigamba chija pamsana, pepala m'mwamba. Ndaluluta m'chipinda chochapira mpaka a manijala kusuzumira. Eveles wamunyamula ngati khanda. Aphunzitsi alemba pansi pa pepalalo kuti wabwerera m'chimake. Ndapinda pepalalo bwinobwino, ndalisita ndi simbi yofunda kuti makwinya achoke. Ili lokha sindiwotcha.

Ku Chitala adzapita kukaona azakhali ake pa Khirisimasi, masiku atatu, n'kubwerako.

Lamulungu, 29 Novembala

Bambo ake afika dzulo. Pepala aliwerenga kawiri monga ndinachitira ine ndi kalata ija, atsokomola, akuti za Chitala zinali zongowopseza. Bodza, koma ndawasiya. Kenako apisa m'thumba. Mabatire anayi atsopano, m'pepala lake. Mphatso ya wokhoza mayeso, kuchokera kwa munthu amene amafuna mwala!

Mtima wanga unagwa. Atsopano sazilala pa theka la ola. Dzuwa silitithandizanso, ndipo ndi holide.

Edina wawalandira ndi manja awiri, wagwada, wathokoza. Awiri wandipatsa ndisunge. Kenako watenga khala, wajambula mzere pansi pabwalo, kutsogolo kwa khonde. Akuti masana mthunzi wa nyumba ukafika pamwala wotsukirapo mapazi, ayamba. Ukafika pamzere, azimitsa. Lero ndinakhala ngati ndikusankha nyemba, diso lili pamthunzi. Unafika pamzere iye ali pakati pa gemu, tinjerwa takuda bii, kagemu kakuimba bwinobwino. Wadina, wazimitsa, waika pawindo. Palibe anamuitana dzina.

Ndimafuna kulemba zambiri za mmene ndikumvera, koma kuseri kwa nyumba kukumveka pii-pii. Edina si iye, ali apa akuchapa. Bambo ake anati akukaona mpanda wa bafa, ndipo madzi awo osamba azizira kalekale. Mwana wapukuta manja pachitenje, watola khala lake, akupita komweko. Ndisiye kaye apa, izi ndikufuna ndikaone ndi maso anga.