Mtengo Woyezera Chipale

Loweruka, 10 Juni

Tsiku lotsegulira masewera otsetsereka pa chipale chofewa. Phiri lonse udzu wokhawokha. M'sitolo ya buledi m'tauni mwathu mwa Jindabyne funso ndi limodzi: "A Noelene, chipale chigwa chaka chino?" Ngati ndimachisunga m'kabati. Ndawafotokozera monga ndinkachitira ndi ana m'kalasi: nyanja ya Pacific yafunda mbali ya kum'mawa, mitambo yatsatira madzi ofundawo, ife kuno tatsala ndi thambo loyera. El Nino. Usiku kuzizira, masana dzuwa, chipale chochepa. Mwini sitolo akuti, "Ndiye mukaiuze nyanjayo kuti ine ndili ndi antchito anayi."

Pa mtengo woyezera kuya kwa chipale, uja wolembedwa masentimita, palibe kanthu. Chaka cha 19 ndikuwerenga mtengo umenewu n'kunena nambala yake pa wailesi 7 koloko m'mawa.

Lachinayi, 29 Juni

Chagwako Lachiwiri. Masentimita 22. Makina opopera chipale chochita kupanga akwanitsa njira ziwiri zokha. Mwamuna wanga Graeme akulawirira mbandakucha kukasalaza njirazo ndi thalakitala lake, akubwera maso ali gwa.

Tamsin, bwana watsopano wa kampani yoyendetsa masewerawa, wandiitanira khofi ku ofesi. "Nkhani za nyanja zija muzisiye, a Noelene. Anthu a ku Sydney akangomva El Nino sasungitsa malo." Za nyanja ndavomera. Za nambala, zoti ndiziikwezako pang'ono, ayi. Ndamufotokozera kuti mtengo uja anauzika dala kuseri kwa mitengo ya bulugamu, kutali ndi makina, kuti uzinena chipale chogwa chokha. Ndicho chimene munthu amakachipeza akachoka panjira zosalazidwa. Anangoyang'ana foni yake.

Graeme atamva anaseka. "Aphunzitsi sapuma pantchito, amangosintha kalasi."

Lachitatu, 19 Julayi

74. Ndadabwa, poti mwezi uno chagwa kawiri kokha. Ndiganiza ndi mphepo ya kumadzulo, imakokolola chipale pamwamba n'kudzachiunjika m'munsi mwa mitengo. Ndinamufotokozera Graeme tikudya, mphindi khumi zathunthu, botolo la mchere likhale phiri, mpeni ukhale mphepo. Anangoti, "Iwe ndiye umazidziwa," n'kupitiriza kudula nyama yake.

Masana kukutentha moti anthu akutsetsereka atavula majekete. Tamsin akundipatsa moni wa mano onse. Mabasi a masukulu asungitsa malo mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Mtima pansi pang'ono.

Lachitatu, 2 Ogasiti

M'mawa ndinanena 81. Masana mtsikana wa zaka 13, Imogen, wa sukulu ina ya ku Wagga, wagunda mwala panjira ya kuseri. Mwendo wathyoka pawiri. Mwala umenewo ndimaudziwa. Chipale chikangofika 50 umakwiririka.

Ndinakumana ndi mphunzitsi wake pakhomo pa chipinda chachithandizo, bambo wa imvi, chipewa cha mwanayo chili m'manja. "Ndimakumverani chaka chilichonse, mayi. Nambala ikakhala yosafika 60 njira ya kuseri sindilola mwana." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Lachinayi, 3 Ogasiti

Ndakwera ndi ndodo yanga yachitsulo yoyezera dzuwa likungotuluka. Mapazi makumi awiri kuchoka pa mtengo: 33. Kutsogolo pang'ono 29. Kumanja 35. Pamtengo penipeni 80.

Masiku onsewa ndimafika cha kumtunda, n'kuwerenga ndili patali kuti ndisaponde malo oyezera. Lero ndazungulira cha kumunsi. Mulu wa chipale pamtengopo. Wosalazidwa bwino, wa munthu wodziwa ntchito yake. Kumbuyo kwake mapazi a thalakitala, wina anayesa kuwafufuta ndi fosholo koma sanamalize. Lamba woyendera wakumanzere ali ndi dzino limodzi lothyoka. Thalakitala lotero paphiri pano ndi limodzi. Mwini wake wakhala akudandaula za dzinolo kunyumba kwathu kuyambira Meyi.

Pa wailesi ndati kunali chifunga, sindinathe kuwerenga. Kunalibe chifunga.

Lachisanu, 4 Ogasiti

Graeme sanakane. Wakhala akuunjika chipale pamtengo paja kuyambira sabata yoyamba ya Julayi, kawiri pa sabata. Akuti Tamsin sanamutume. Tamsinyo anangonena pa msonkhano kuti nambala ikapanda kudutsa 60 atseka theka la phiri, anthu 40 azipita kwawo. Ena mwa iwo ana a anzathu, tinawaona ali m'matewera.

"Iwe sunaname, Noelene. Unawerenga zimene zinalipo. Ndinakubisira dala kuti manja ako akhale oyera."

Ndiye akuona ngati anandichitira chifundo. Zaka 31 m'nyumba imodzi. Akanandipempha kuti ndiname ndikanakana, tikanakangana, tikanagona wina kuyang'ana uku wina uko, basi. Iye anasankha kutenga pakamwa panga osandiuza. Ndipo anakhala patebulo paja n'kumandimvera ndikufotokoza za mphepo.

Ndinamufunsa za mwana uja. Anati njira ya kuseri si iye amaisalaza. Wakagona kwa mchimwene wake ku Berridale.

Lolemba, 7 Ogasiti

Loweruka ndinanena 32. Ndinanenanso kuti manambala a mwezi wathunthu anali olakwa, ndi kuti ndikupepesa. Dzina sindinatchule. Sindikudziwa ngati ndinamuteteza kapena ndinachita mantha.

Mabasi asanu abweza ulendo. Theka la phiri latsekedwa dzulo. Uthenga wa Tamsin mizere iwiri: kuyambira lero nambala azinena a ku ofesi, zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Pogula buledi mwini sitolo wandipatsa chenje maso ali kumbali. Mwana wa Denise, mnzanga wa kwaya, ali m'gulu la ochotsedwa. Denise sakuyankha foni. Nyanja ikadali yofunda, akuti mpaka chaka chamawa. Ilibe nazo kanthu.

Imogen amuchita opaleshoni ku Canberra. Kalata ya kwa makolo ake ndailemba katatu, katatu konse yasanduka phunziro la zanyengo. Ndang'amba.

Graeme wabwera kudzatenga nsapato zake za kuntchito. Ndevu zosameta. Anaima pakhomo ngati mlendo. "32 yachepa, Noelene. Wachotserapo chifukwa cha mkwiyo. Mwina 45." Akufuna ikhale 45 kuti mwala uja ukhale unangotsala pang'ono kukwiririka. Ndinamumvetsa, ndipo zinandiwawa kuposa Lachinayi.

Sindinakweze mawu. Ndamupatsa ndodo yanga. "Tenga ukayeze wekha. Paliponse pamene thalakitala lako silinapondepo, ndi pamwala paja pomwe. Ukabwere undiuze, ndikhulupirira nambala yako."

Anailandira. Papita theka la ola. Galimoto yake ikadali pabwalo, injini ikulira, iye ali m'katimo ndodo ili pamiyendo.