Nsalu Zinayi za Anastaziya

Lolemba, 6 Agosto 1973

Shefe, mzungu woyang'anira mudzi wathu wa waya kuno ku Ngauma, wandiitana ine kalaliki wake 9 koloko. Akuti ku Cuamba kwafika makina ojambula mkati mwa mawere, oona khansa isanakule. Madona achifundo adzawatsegulira pa 14, pamaso pa wanyuzipepala. Ndilembe amayi 20. Galimoto ndi giya, chikalata chotulukira pachipata, zonse za boma.

Chotupa cha mkazi wanga Anastaziya, bere lamanzere, lero masiku 97 chichionereni. Chinali ngati nzama, tsopano ngati dzira la nkhunda. Giya yopita naye kuchipatala ndapempha katatu, katatu andikaniza. Akuti wotuluka aliyense amakaphikira ankhondo a m'thengo.

Lachiwiri, 7 Agosto

Shefe waonjezera lamulo. Amayiwo akhale onenepa, a mano onse, osatsokomola. Ndinafunsa chapansipansi: "Nanga odwala, bwana?" Anati: "Silvestre, makina atsopano ufuna tiwayambe ndi matenda? Nyuzipepala ikati chiyani?" Ndalemba momwemo.

Lachinayi, 9 Agosto

Kusankha pabwalo. Sipayo Andreya, wapolisi wa shefe, amayenda pamzere ngati wogula mbuzi. Mwa amayi 61, onenepa apezeka 13, poti minda yathu inatsala kunja kwa waya. Atafika pa Anastaziya anamudumpha. "Alamu, inu mphepo ingakuulutseni m'galimoto."

Loweruka, 11 Agosto

Asowa 7, kusankhanso Lolemba. Anastaziya wabwereka nsalu kwa anzake: ziwiri m'chiuno, imodzi pachifuwa, imodzi kumbuyo, yake pamwamba. Wayesera kuyenda m'nyumba. "Abambo a Eliya, lekani chiseko. Inu zaka 16 mwalephera kundinenepetsa, boma latha tsiku limodzi."

Lolemba, 13 Agosto

Walowa, nambala 18. Andreya anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Alamu, mwachira msanga." Mwa 7 atsopanowo, 5 ndi a nsalu. Otsala m'mudzi ena avala masaka.

Lachiwiri, 14 Agosto

Tanyamuka 5:40, tafika 11:15. Hema pafupi ndi njanji. Olankhula 4, mphindi 130. Amayi aimba, avina padzuwa, nsalu zonse zili m'thupi. Makinawo ngaakulu, oyera, omangidwa kansalu kofiira. Sanayake. Akuti injini yamagetsi anabwereka asilikali. Wajambula ndi wanyuzipepala yekha, zithunzi 12, zonse za madona.

Anastaziya anakomoka 1:50. Namwino wina wachimakuwa, mayi Luísa, anamutengera kuseri n'kuyamba kumasula. Pa nsalu yachitatu anaseka. Pa yachinayi sanaseke. Anagwira ndi zala zitatu, nagwiranso m'khwapa.

"Bambo, awa sakubwerera. Dotolo amang'amba Lachisanu. Mukachedwa mwezi wina, musadzavutikenso kubwera nawo."

Ndinati giya ikunena 20 kupita, 20 kubwera. Wosowa amalembedwa kuti wathawira kuthengo, ndipo mwamuna wake amatengedwa kukayankha. Omwe anatengedwa chaka chino ndi 3, sanabwere ndi mmodzi yemwe.

"Amawerenga ndani?"

Ndinati ndine. Anatembenuka n'kufunditsa Anastaziya bulangete.

Lachitatu, 15 Agosto

Tinagona ku Cuamba, tabwera lero pambuyo pa magalimoto a asilikali. Pachipata 3:25. Shefe anaima patali pamthunzi, kampango pamphuno chifukwa cha fumbi. "Silvestre, werenga!"

Amayi anatsika mothinana, akuimba mokweza nyimbo yoyamika boma. Ine sindinawauze zochita. Mmodzi anabwerera kukatenga mtolo, n'kutsikanso atasintha duku. Andreya anali kuyang'ana khwangwala kumwamba.

Zaka 11 pantchito ino sindinaphonyepo nambala. Ndinati: "Akwana 20, bwana."

Anasaina.

Mkuja ndi Lachisanu.