Tagawana ntchito, koma ndikasaina amuna anga achoka pa makina a impso

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu zaka zambiri, nthawi zina n'kumapukusa mutu ndi mavuto a anzanga. Lero ndi ine. Ndine mayi wa zaka 46, ndimagwira ntchito pa shopu yogulitsa magalasi a maso. Woyeza maso si ine ayi. Ine ndimakhala kuchipinda chakumbuyo, chopanda zenera, kumene kuli makina odulira magalasi. Adokotala akalemba manambala, ine ndimadula galasi, kulisalaza m'mbali, n'kulilowetsa mu felemu. Ndaigwira ntchitoyi zaka khumi ndi zinayi, moti galasi lokhota ndimalimva ndi chala ndisanaliyang'ane n'komwe.

Chaka chatha impso za amuna anga zinasiya kugwira ntchito. Anali dalaivala wa thiraki, munthu woti thayala ankalikweza yekha. Pano Lolemba ndi Lachinayi lililonse amakagona maola anayi pa makina otsuka magazi. Popita amayenda bwinobwino, koma pobwera miyendo imakhala ngati yobwereka. Tsiku lina ndinawalola kupita okha, anakomoka potsika minibasi, anthu n'kumaseka kuti aledzera dzuwa lili pamutu. Anabwera nawo kunyumba ndi mayi wina wogulitsa nthochi, nsapato imodzi itatayika. Chiyambire tsiku limenelo ndimawaperekeza ndine. Ana athu ndi awiri: wamkulu anakwatiwa kutali ndipo ndi woyembekezera, wamng'ono ali kusukulu yogonera komweko.

Masiku anga a tchuthi sanachedwe kutha. Ndinayamba kupempha, kenako kunama, kenako kungosowa. Abwana athu, amene timawatcha a Wotchi chifukwa amayang'ana pamkono munthu usanapereke n'komwe moni, anandipatsa kalata yochenjeza. Sindingawanene. Makinawo wowadziwa ndine ndekha, ndikasowa makasitomala amabwerera chimanjamanja.

Apa m'pamene ndinakumbukira mayi wina wachitsikana amene ndinamuphunzitsa ntchitoyi zaka zisanu zapitazo. Tinkamutcha Kamphepo chifukwa sayenda, amauluka. Iye analembedwa pa shopu ina kutsidya kwa tauni, kokwera minibasi ziwiri, ndipo ali ndi mwana woyamwa amene bambo ake anasowa mimba ili ndi miyezi itatu. Ndinamuimbira foni n'kumufunsa kuti, "Bwanji ntchito yangayi tigawane, iwe masiku atatu, ine atatu?" Iye anati, "Amayi, musandinamize. Ine mwanayu ndimangomuona ali m'tulo. Malipiro achepe, bola andidziwe nkhope."

Lamulungu ndinapita kwawo. Mwana ali pamiyendo akulimbana ndi cholembera, tinalemba zonse papepala. Iye Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka, ine masiku otsalawo. Pambali pa makina pazikhala kope lolembamo ntchito yotsala, ya ndani, yafika pati. Wina akadwala, mnzake alowe. Galasi likasweka, mlandu ndi wa amene analigwira. Tinagwirizana ngakhale za kiyi wa kabati ndi za amene azitsuka thanki ya madzi ya makina. Ndinabwerako ndikudziona wanzeru kwabasi.

A Wotchi anakana kawiri. Ulendo woyamba anaseka n'kunena kuti, "Mpando uli m'chipinda chija ndi umodzi, mayi. Muzikhalirana pamiyendo?" Ulendo wachiwiri anafunsa kuti kasitomala akadandaula iwo adzadzudzula ndani. Ndinawaonetsa pepala lija kuti yankho lili pamenepo. Analilandira, n'kuikapo kapu ya tiyi.

Chimene chinawasintha ndi kulakwa kwanga. Lachisanu lina, mutu uli kuchipatala thupi lili pa makina, ndinasinthanitsa magalasi a mwana wasukulu, la kumanja kuliika kumanzere. Mwanayo anavala sabata yathunthu mutu ukumuwawa, mpaka bambo ake anabwera akutukwana shopu yonse. Abwana atandiitana ndinadziwa kuti ntchito yatha. Koma anatsegula dirowa, n'kutulutsa pepala langa lija, chizindikiro cha kapu chili pakatikati. "Mtsikana wanuyo abwere timuone," anatero. Aphungu, ndinalira pamaso pawo ngati kamwana.

Kamphepo anabwera, anadula magalasi a anthu atatu abwana ataima kumbuyo kwake, ndipo onse anakhala ndendende. Abwana anamugwira chanza n'kuti ayambe mwezi wa mawa. Ine ndi amene ndinamuuza panja pa shopu kuti, "Basi mwana wanga, zatheka." M'mawa mwake anakapereka notisi kuntchito kwake, ndipo kumeneko apeza kale wina.

Lachiwiri lapitali kunabwera mayi oona za antchito kuchokera ku likulu la kampani, atatenga makontirakiti awiri. Ndinayamba kuwerenga wanga nditaimirira, cholembera chili kale m'manja. Pa tsamba lachitatu panalembedwa kuti wantchito wa masiku osakwanira sakhala pa sikimu ya chipatala, iye ngakhale banja lake. Aphungu, makina amene amuna anga amagonapo amalipiridwa ndi sikimu imeneyo. Malipiro anga athunthu sangakwanitse ngakhale masabata awiri, nanji theka. Kumene amathandiza mwaulere ndinakafunsa kalekale, anandionetsa mndandanda wa odikira, namwino wina n'kundinong'oneza kuti malo amapezeka wina akatisiya.

Ndinawafunsa mayi aja ngati pali chimene angachite. Anati, "Malamulowa sindinalembe ndine, mayi. Munapempha theka la ntchito, theka lake ndi limeneli." Abwana nawo anandiuza kuti, "Nkhaniyi munaiyambitsa ndinu, ine ndauza kale akuluakulu kuti zatheka. Mukakana, muzibwera masiku onse. Mukajombanso kamodzi, mukudziwa kuti tsopano wodziwa makina alipo wina." Ndiye kuti wondilowa m'malo ndinamuphunzitsa ndekha, n'kudzamufikitsanso pakhomo ndekha.

Kamphepo sakudziwa kanthu. Dzulo wanditumizira chithunzi cha epuloni yatsopano imene wasoketsa, pansi pake walemba kuti Mulungu andidalitse. Sindinamuyankhe. Amuna anga sindinawauze, koma munthu amene wakhala nawe zaka makumi awiri ndi zisanu sufunika kumuuza. M'mawa wa lero ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato zanga za kuntchito. Osandiyang'ana, anati, "Mayi a ana, Lachinayi lino tisapite. Kamodzi pa sabata kakwana. Ndakudyerani moyo mokwanira." Ananena akumwetulira. Ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Andipatsa mpaka Lachisanu la sabata ya mawa. Ndikasaina, ndachotsa amuna anga pa makina. Ndikakana, ndaponya mayi ndi khanda pamsewu, ndipo ntchitoyo ndiitayabe, chifukwa sindingasiye munthu akomoke pa siteji. Ndayang'ana uku ndi uku, kulikonse kuli wina woti ndimupweteke. Ndinkangofuna masiku awiri okha, Aphungu. Kodi ndinalakwa kupempha? Nditani?

Ine wosowa pogwira,
T.L., m'tauni muno

*

Mayi T.L.,

Kupempha simunalakwe. Nzeru yogawana ntchito inali yabwino, ndipo pepala lanu lija ndi loposa la anthu ambiri ovala mataye. Munalakwa pawiri: munakambirana za masiku mpaka za kiyi wa kabati koma za sikimu simunafunse, ndipo munalola mnzanu kusiya ntchito chifukwa cha kugwirana chanza. Ndanena kamodzi, sindibwerezanso, chifukwa masiku amene mwatsala nawo si odziimbira mlandu.

Kontirakitiyo momwe ililimu musasaine. Ntchito musasiyenso, ngakhale wina akuuzeni kuti kusiya mwaulemu kuli bwino. Malinga ngati muli pa kontirakiti yakale, amuna anu ali pa makina.

Lero lomwe pitani kwa Kamphepo, osati pa foni, mukamuuze zonse. Akhoza kulira, akhoza kukunenani, ndipo ali ndi chifukwa. Koma tsiku lililonse limene mukubisa mukumulanda mpata wokagogodanso kumene anachoka kapena kwina. Ndipo pali chinthu chimene mantha akubisirani: mayi ameneyu ndiye mphamvu yanu. Abwana akukuopsezani ndi iye chifukwa akuganiza kuti mungapikisane. Mukalowa mu ofesi muli awiri, iye n'kunena yekha kuti anabwera kudzagawana ntchito osati kudzalanda, chiopsezo chija chafooka. Sindingakulonjezeni kuti avomera, ali ndi mwana woti adye. Koma mufunseni.

Kenako lembani kalata yaifupi kwa mayi oona za antchito, kope lake musunge. Funsani zinthu ziwiri: mawu akuti masiku osakwanira akutanthauza masiku kapena maola angati, ndipo lamulo limeneli ndi la kampani yanu kapena la eni sikimu. Eni sikimuwo muwaimbirenso nokha. Nthawi zambiri munthu akati malamulo sanalembe ndiye, amakhala kuti sanafunsepo ngati angasinthike. Likakhala la kampani, akuluakulu omwewo akhoza kulikhotetsa.

Mukapita kokambirana, musapite ndi misozi, mupite ndi pepala latsopano. Kugawana sikutanthauza pakati ndendende. Inu mukufuna masiku awiri, ndiye n'chifukwa chiyani mukupereka atatu? Pemphani kuti mukhalebe pa kontirakiti yanu yakale, masiku anayi, Kamphepo atenge Lolemba ndi Lachinayi pa kontirakiti yakeyake. Kwa iye zichepa, n'chifukwa chake muyenera kuyamba mwagwirizana naye. Mwina shopu ingamuonjezere maola kutsogolo kothandiza makasitomala kusankha mafelemu. Akati anayi sakukwana, onjezani maola pa masiku anuwo. Akakanabe, nenani kuti gawo la sikimu limene kampani ikuopa azilidula pa malipiro anu. Zimapweteka, koma n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina. Chilichonse chimene mwagwirizana chikhale choyeserera kwa miyezi itatu, ndipo chilembedwe kuti chikakanika mubwerera pa ntchito yanu yonse. Muwakumbutse a Wotchi mwaulemu kuti zaka khumi ndi zinayi shopu yawo yadalira manja a munthu mmodzi, ndipo inu mwawabweretsera manja anayi pa mtengo pafupifupi womwewo. Tsiku la Lachisanu lomwe anakupatsanilo pemphani, polemba, kuti alisunthe. Musanabwerere kwa iwo, kontirakitiyo ndi kalata yochenjeza ija mukazionetse ku ofesi yoona za antchito ya boma kapena ku bungwe la ogwira ntchito ngati mulimo.

Kuchipatala nako kafunseni ngati tsiku limodzi lingasunthidwe kupita Loweruka masana kapena nthawi ina imene simuli pa ntchito. Ndipo ndikufunseni: amuna anuwo alibe mng'ono, mlongo, mnzawo wa pa thiraki? M'kalata yanu yonse wokuthandizani ndaonamo mayi wa nthochi yekha. Ndikukayika ngati munapemphapo munthu. Sankhani awiri, muwatchulire tsiku ndi ola. Anthu ambiri sathandiza chifukwa timawauza kuti zinthu zavuta m'malo mowauza kuti Lachinayi nthawi ya 12 koloko akhale pa geti ya chipatala.

Sindikunamizani, mchemwali wanga. Mukhoza kuchita zonsezi kampani n'kukanabe. Zikatero, sikimu ndiyo yoyamba. Mukhale pa ntchito yonse, operekeza akhale ena, ndipo Kamphepo mumuthandize kufuna ntchito ndi mphamvu zomwe munamuphunzitsira. Mwina ubwenzi wanu sudzakhalanso monga kale. Zimenezo mudzazilira, koma zimalirika.

Chimene sichidikira Lachisanu ndi mawu a amuna anu. Munthu akayamba kunena kuti wakudyerani moyo, ndiye kuti wayamba kudziwerengera ngati katundu, ndipo chete wanu akumumva ngati kuvomereza. Muwauze nkhani yonse lero, mmene ililimu, kuti adziwe kuti mukulimbana ndi tsamba lachitatu la kontirakiti, osati ndi iwo. Mawu awowo mukawafotokozerenso adokotala awo. Kontirakiti ikhoza kulembedwanso kakhumi, koma tsiku la makina lodumphidwa silibwezedwa. Lachinayi lino apite, ngakhale a Wotchi athyole wotchiyo.

Aphungu