Zitosi Zatha Chambo M'damu la Bambo

Achimwene a Zubair,

Salaam aleikum. Kuno ku Namwera tili moyo, kaya inu ku Joniko.

Zikomo polowetsa alamu anu a Sadik m'gulu lanu lija la alimi a nsomba la pafoni. Bambo anawalangiza kuti zitosi za nkhuku amazimanga m'thumba n'kulimiza pakona pa damu, madzi akabiriwira n'kulivuula. A Sadik anaseka, ati anzawo a pafoni akuti zimenezo n'zachikale, n'kukhuthuliramo mawilibala atatu. Lachisanu chambo chonse chinayandama, mimba m'mwamba.

Akatswiri anuwo angotumiza tizithunzi ta nkhope zolira. Koma damulo analikumba ndi bambo, ndi khasu lawo. Kuyambira tsikulo mbale yawo ikungobwerera osaikhudza. Zinazo sindilemba.

Musatiimbire foni. Bwerani mudzawayang'ane bambo kumaso.

Ndine mlongo wanu,
Ajira