Malaya a Tenisi a Amuna Anga

Lolemba, 6 Okutobala

Kutentha. Fani ya mu shopu ikungozunguza mphepo yamoto. Madiresi a ukwati wa Loweruka sanathe.

Bambo a kunyumba abwera ndi kathumba. Mkati malaya oyera, opyapyala ngati neti ya udzudzu. Wawapatsa ndi mayi uja wogulitsa mankhwala ku famase, amene amasewera naye tenisi chiwauzireni dokotala kuti achepetse mimba. Akuti wati, "Kunja kukatentha mwamuna azivala zoyera, zopepuka, zouma msanga, osati tisheti yakuda ija." Tisheti yakudayo ndinagula ndine.

Zaka zonsezi bambowa ndimawaveka ndine, kuyambira kolala mpaka sokosi. Telala ali m'nyumba, malaya achokere ku famase? Zandiwawa.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndamutcha Namapiritsi. Lero wawonjeza malamulo: chipewa choyera, sokosi zokhuthala, kabudula wa matumba akuya oikamo mipira. Bambo kundiuza zimenezi akumwetulira, ngati mwana wobwereza za aphunzitsi. Matumba a kabudula wa mwamuna wanga akumukhudza chiyani iyeyo?

Malaya aja ndawakwirira pansi pa zidutswa za nsalu ku shopu. Atafunsa ndati kaya, mwina asokonekera ndi zochapa.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinapita kukaonera, osaitanidwa. Ndinaima kuseri kwa waya. Si wokongola kwenikweni. Miyendo yokha basi. Bambo akamenya bwino, iye kudumpha, kukuwa. Anamwera botolo limodzi? Sindinaone bwino, dzuwa linali m'maso. Koma kuseka kwa bambo ndinakumva. Kunyumba kuno kuseka kotero ndinakumva kalekale.

Mchemwali wanga akuti nsanje idzandiwondetsa. Wake sachoka pa mpando, angadziwe chiyani.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndasoka anga. Akufuna zoyera, ndawapatsa zoyera. Nsalu yeniyeni, yolemera m'manja, imene ndimasungira masuti a akwati. Mkati monse layiningi, nsalu yachiwiri ija, kolala yolimba, mabatani mpaka pakhosi. Chovala chopanda layiningi sichituluka mu shopu mwanga, anthu angati ndayamba kuumira nsalu. Ndathira sitachi, ndasita mpaka kuwala. Akuima okha pa tebulo.

Bambo anawayesa, anatembenuka pagalasi. "Ndi okongola, mayi. Koma sakhala otentha?" Ndinangowayang'ana. Sanabwerezenso.

Aone Namapiritsi kuti kuvala n'chiyani.

Lamulungu, 19 Okutobala

Za dzulo.

Anavala. Anamanga mabatani onse poti ndinaima pakhomo. Masana foni, nambala yachilendo, mawu a mkazi. Bambo agwa pabwalo masewera ali mkati. Thupi linatentha kwambiri, mphepo yosowa polowera, thukuta losowa potulukira.

Ndinawapeza kuchipatala, ali pa diripi, chifuwa pamtunda. Namapiritsi pambali pa bedi, tsitsi lili nyankhalala, malaya anga ali m'manja. Anachita kuwadula ndi sizasi kuchokera pakhosi mpaka pansi kuti awathire madzi ozizira. Anandipatsa ndi manja awiri. "Pepani amayi, ndawononga ntchito yanu. Ndinawauza kuti avule, anakana. Anati mwasoka ndinu."

Ndinathokoza. Pakamwa pokha. Mumtima: manja ake pachifuwa pa mwamuna wanga, anthu akuona. Komanso popanda manja amenewo bwenzi lero tili pa maliro. Ndimude bwanji munthu wotere? Koma ndikumudabe.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Atuluka. Akudya bwino, akugona kwambiri. Za malaya sanatchule, nanenso ayi. Mu takisi anandigwira dzanja, ine kulira ngati chitsiru, dalaivala kumangotsokomola. Munthu kulolera kukomoka kuopa kundikhumudwitsa. Ndipo ine ndimamuwerengera mabotolo a madzi. Manyazi.

Mwini diresi la ukwati waimba kudandaula kuti zipi inavuta. Adikire.

Lachinayi, 23 Okutobala

Ndafukula malaya a Namapiritsi, ndabwera nawo kunyumba. Ndinati ndiwachape, ndiwabwezere bambo, ndikasake nsalu yofanana ndisoke ena. Pa nsalu wandiposa, ndavomera.

Ndinawatembenuza kuti ndione kasokedwe. Phewa lamanzere wina analipinda ndi manja. Ulusi wosiyana, msoko wokhotakhota wa munthu wosazolowera singano. Ndayeza ndi tepi. Ndendende mmene ndimapindira ine.

Bambo phewa lamanzere ndi lotsika, anathyoka ali mwana. Akavala sizioneka, poti chovala chilichonse, ngakhale chogula, ndimachikonza ndine asanatuluke nacho. Amayi awo enieni anaiwala. Iwo eni satchula, amachita nazo manyazi. Kuti udziwe uyenera kuwaona atavula, uli pafupi, osati kamodzi.

Ndipo msokowu unasokedwa kale, asanagwe pabwalo paja, sizasi isanadule kanthu.

Geti yalira. Ndi iwo. Malaya ali pamiyendo panga, ndipo sindiwabisanso.