Gulu ndi lotseka, admin ali ku China

Lamlungu, 9 Novembala

Ndawatula ku eyapoti 10 koloko. A Howard, amuna anga, masiku khumi ku China. Kampani yawo ya ku Markham yawatuma kukaona fakitale. Kunja chipale chofewa, matayala a galimoto a nyengo yozizira sindinaikebe.

Asanakwere ndege atseka gulu la WhatsApp, lija la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia okhala kuno kudziko la azungu. Anthu 214, admin iwo okha. Tsopano wolemba ndi admin, enafe maso basi. Chifukwa chake a Sydney a ku Chipata amaponya mavidiyo andale, ndiye akuti popanda iwo gulu lisanduka msika. A Howard omwewa patebulo sitimeza chakudya tisanamve za ufulu wolankhula.

Ndinawauza: akuti kumeneko WhatsApp boma linatseka, ikiranitu VPN, kaja kozembetsa foni. Anandiseka. “Mayi, wa IT ndine. Inu samalani nkhalamba zanu za ku Oakville.” Chabwino.

Lachiwiri, 11 Novembala

Zii masiku awiri. M'mawa uno aimba pa foni ya kuhotela, mawu ngati ali m'chitsime. WhatsApp ayi. Imelo yawo ayi. VPN kuti aikoke pa intaneti, kokokerako nakonso nkotseka. Wa IT!

“Boma lanji losankhira anthu a ndevu zawo zoti awerenge?” Ndinangoti pepani bambo. Kuseka ndinakasekera m'basi, mpaka mayi wina wachizungu anasintha mpando.

Lachitatu, 12 Novembala

A Bester amwalira dzulo masana. Mtima, ali pantchito. Zaka 51. Joan, mkazi wawo, anandiimbira ndili kuntchito, mkati mopesa gogo wina tsitsi. Sanalire, anangoti bwera. Joan ndi ine tinagona bedi loyandikana ku sekondale ku Dedza.

Tabwereka mipando 40 kutchalitchi, tayala m'nyumba mwa Joan ku Mississauga. Abwera anthu asanu ndi mmodzi, kuwerengera ine ndi abusa.

Kuno maliro amamveka pagulu. Ndipo pali lamulo nambala 3 la a Howard: imfa amalengeza admin yekha, atatsimikiza. Analikhazikitsa chaka chija wina analengeza imfa ya bambo wa ku Hamilton, bamboyo nkutulukira pa zowotcha nyama atanyamula Fanta. Anthu analimvera lamulolo kuposa Malamulo Khumi. Ndatumiza uthenga kwa mmodzimmodzi, mayankho ake ofanana: “Zoona, amayi? Koma pagulu sipanalembedwe.”

A Sydney atsegula gulu lawo latsopano, dzina lake Ufulu. Chinthu choyamba kuponyapo: malamulo 12. Chachiwiri vidiyo. Anthu atulukamo ngati mwalowa njuchi.

Joan amangoyang'ana chitseko. Galimoto ikaima panja akonza chitenje. Nkukhala ya aneba.

Lachinayi, 13 Novembala

Dzulo ndinaimba kuhotela, ndinawauza a Howard. Analira, ndipo ndikudziwa kuti misozi inali yeniyeni. A Bester ndi amene anatilandira titangofika, tinagona pabalaza pawo miyezi iwiri. Anati mnzawo wakuntchito, Kevin, ali nako kozembetsa kaja, amupempha awalumikize. “Ndipatseni mphindi imodzi yokha pa intaneti, ndikonza zonse.”

Mphindiyo anaipeza. 8 koloko m'mawa, tikumwa tiyi kwa Joan, mafoni onse analira pamodzi. Gulu! Ndinati Mulungu ngwabwino.

Chithunzi. A Howard mano onse pamtunda, timitengo todyera m'manja, bakha wowotcha patsogolo. Pansi pake: “Moni kuchokera ku China, abale! Moyo ndi uno!”

Anachitumiza Lolemba, chinakanirira m'foni kudikira netiweki. Italumikiza chinatsogola chokha, kenako VPN inaduka. Gulu likadali lotseka. Izi andifotokozera masana, akuchita chibwibwi. Ndamva. Koma anthu 214 aona admin akumwetulira ndi bakha, ndiye atsimikiza kuti nkhani ya maliro ndi bodza. Atatu aimba pa foni ya a Bester kuti aseke nawo. Anayankha ndi Joan.

Manyazi ngati awa sindinawamvepo chibadwire. Joan anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali nkunena, “Koma anenepa, eti?” Ndinakalirira kubafa.

Lachisanu, 14 Novembala

Sindinapite kuntchito. Ndakopera manambala onse papepala, ndayamba kuimba. Osalemba. Kuimba, ndi pakamwa panga: ndine mayi Howard, a Bester atisiya, thupi ndaliona ndi maso angawa, mwambo mawa 2 koloko. Ukazinena kokwana makumi asanu lilime limauma.

Ena sindimawadziwa ndi mawu omwe, chonsecho takhala pagulu limodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi wina wa ku Scarborough anandisunga mphindi 20, akuti chichokereni amuna ake palibe anamuimbirapo m'Chichewa. Mwana wa ena anandiyankha Chingerezi chokhachokha, koma uthenga anapereka.

A Sydney anafika masana, chipewa m'manja. “Amai, nipaseniko half ya list.” Atenga 90, osatchula ndale ngakhale kamodzi. Munthu uja tinamutsekera gulu lonse.

A Howard aimbanso. Kevin wakana, akuti bwana wachenjeza za malamulo akumeneko. Ayesa pa Wi-Fi ya malo omwera khofi, ikufuna nambala yakomweko. “Simungamvetse kuwawa kwake, kukhala ndi mawu koma osatha kuwatulutsa.” Ndinati ndikuyesetsa kumvetsa, bambo. Ndinadula.

Loweruka, 15 Novembala

Mipando 40 yachepa. Anthu pamasitepe, kukhitchini, nsapato mulu pakhomo, azibambo panja m'majekete akunjenjemera. Amayi a ku Zambia anayambitsa nyimbo, ife tinalandira. Apo ndi pamene Joan analira koyamba, kulira kwenikweni, mutu pamiyendo panga. Mtima wanga unakhala pansi.

Palibe anafunsa za a Howard. Bola akanafunsa.

Lachinayi, 20 Novembala

A Bester tinawaika Lolemba.

A Howard anatera dzulo. Tisanatuluke m'malo oimika magalimoto anali atatsegula kale gulu, nkulemba chilengezo chonse: ndi chisoni chachikulu, ife ngati utsogoleri, tatsimikiza. Ndime zinayi. Kupepesa za bakha kuli m'ndime yachitatu. Pomaliza: “Tsopano aliyense ali ndi ufulu wolemba.”

Papita tsiku lathunthu. Palibe walemba. Ngakhale a Sydney.

M'mawa azimitsa rauta, kabokosi ka intaneti kaja, nkuyatsanso, kawiri. Afunsa ngati ndinalipira intaneti. Achotsa foni m'chikwama chake, aipukuta. Panopa ali pawindo, aikweza m'mwamba ngati tili kumudzi.

“Mayi, kwa inu uthenga wanga wafika?”

Wafika, bambo. Ndinauwerenga dzulo lomwe, tili m'galimoto.

“Ndiye bwanji simunayankhe?”

Ndawauza avale jekete. Kwa Joan ndi mphindi khumi zokha, akanene ndi pakamwa. Akuti kaye aone ngati wina ayankhe. Ndatenga makiyi, ndikuwerenga mpaka khumi.