Matope a m'Kodiyoni

13 Marichi 2024
Chaka chakwana chikokolokereni nyumba yathu ku Manje. Mkazi wanga Lusiya sanapezeke mpaka lero. Chinapezeka ndi kodiyoni yanga, choimbira chokoka chija, pansi pa malata. Mulungu amatenga, amasiyakonso. Zikomo apobe.

16 Marichi
Masana ndinaikoka pang'ono. Mabatani ambiri ndi akufa, matope anaumira m'kati. Koma nditayamba nyimbo ija ndinamufunsira nayo mbeta ku Bangwe, pansi pake panamveka mawu a munthu. Alito wa m'kwaya. Mawu a Lusiya enieni, mpaka kusasa kuja. Sindinamwe mowa, tiyi yekha.
Sindiuza munthu. Anganditche mfiti.

2 Epulo
Tsiku lililonse tikuimba awiri, chitseko chotseka. Kachipinda ka lendi ka ku Zingwangwa kuno kasanduka nyumba.
Pasiteji ya minibasi ndinaona Maxon, uja anandichotsa m'kwaya atagula kiyibodi. "Madala, zanuzi n'za nthawi ya atsamunda." Mawu amenewo sanandichoke. Ndinayang'ana kumbali.

20 Epulo
Mwana wathu Alinane akwatiwa mu Juni. Akuti, "Adadi, polowa m'tchalitchi mudzandiimbire inuyo, nyimbo ya amayi ija. Kiyibodi ayi."
Ndi mabatani akufawa sizingatheke. Wodziwa kutsuka m'kati mwake ndi mmodzi yekha. Maxon yemweyo. Nanga matope akachoka, Lusiya atsalira pati?

9 Meyi
Ndinati ndimufunse mwini wake. Ndinakoka, ndinakoka, iye zii. Mkazi ameneyu ndikamachita makani ankatero. Ndamva, mayi.

11 Meyi
Ndapita nayo. Maxon sanandiseke. Matope anawakokolera m'kachitini n'kundipatsa ndi manja awiri. "Awa si otaya, madala." Ndalama anakana. Sindinamukhululukire, koma pampando wake ndinakhalapo.
Kunyumba ikulira ngati yatsopano. Yokhayokha.

29 Juni
Tinalowa, ine patsogolo. Kachitini kaja m'thumba la jekete. Vesi yoyamba, kodiyoni basi. Yachiwiri, alito uja, kumbuyo kwanga. Ndinacheuka. Alinane, m'velo mwake, mpaka kusasa kuja.
Zaka zonsezi osadziwa kuti mwanayu amaimba chonchi. Makutu angawa anali kuti?
Maxon anazimitsa kiyibodi yake osauzidwa. Mawa mwina ndimupatsa moni.